Uzimba ndi Malamulo a Nyama m'Malaŵi

Makolo athu sankasaka nyama tsiku lililonse limene nkhuli yaŵagwira. Ulenje unali ndi nyengo yake monga momwe kulima ndi kukolola kulili ndi nyengo yake. Tikaiŵala mfundo imeneyi sitingamvetse chifukwa chake nyama zimene zinakhala ndi makolo athu kwa zaka mazanamazana zinatha m'zaka zoŵerengeka.

Uzimba unkachitika m'chilimwe, anthu atakolola ndipo udzu utauma, makamaka kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala. Munthu wamba sankayatsa tchire mwa yekha. Mfumu, mwini dziko, ndiyo inkalengeza tsiku, ndipo amuna ankasonkhana atanyamula mauta, mikondo ndi zibonga, agalu ali pambuyo. Ena ankatchera maukonde pamene ena ankavumbulutsa nyama ndi moto komanso phokoso. Nyama zimene zinkaphedwa kaŵirikaŵiri zinali agwape, mbaŵala, mphoyo, nguluŵe, njiri ndi akalulu. Amene wayamba kulasa nyama ndiye anali mwini wake, ndipo mfumu inkalandira gawo lake. Njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu. Mvula ikagwa anthu ankatanganidwa ndi khasu, udzu unkakula, ndipo nyama zinkapeza mpata woswana.

Dongosolo limeneli linasokonekera m'zaka za m'ma 1800, pamene malonda a minyanga ndi akapolo anakula. Amalonda a kugombe la nyanja yamchere, monga a Jumbe a ku Nkhotakota, ankabweretsa mfuti, wonga, nsalu ndi mikanda posinthanitsa ndi minyanga. Tsono wogula mnyanga safunsa mwezi umene njovu yaphedwa, choncho alenje anayamba kusaka dzinja ndi chilimwe chomwe. Mu 1859 David Livingstone anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo la m'Chigwa cha Shire limene analitcha Elephant Marsh. Lero dzinalo lilipo, koma njovuzo kulibe.

Angerezi atayamba kulamulira dziko lino mu 1891, anabwera ndi malamulo awo. Mu 1897 anapatula Elephant Marsh ndi dera la Nyanja ya Chilwa kukhala malo otetezera nyama, ndipo wofuna kupha nyama zikuluzikulu anayenera kugula chiphaso. Mphamvu zimene zinali m'manja mwa mfumu zinasamukira ku boma. Mzungu wa ndalama ankaloledwa kuwombera njati, ntchefu kapena mphalapala pongosangalala, pamene mlimi wokumba mbuna kapena wotchera msampha ankasanduka wolakwa. Lamulo la nyama la 1926 linadandaulitsa anthu ambiri. Amishoni ena pamodzi ndi mabungwe a eni dziko analitsutsa ponena kuti nyama zinkawononga mbewu, ndiponso kuti kumene nyama zachuluka kashembe, wofalitsa matenda a kaodzera, amachulukanso. Ngakhale malamulowo analipo, nyumbu zinatheratu m'dziko muno m'zaka za m'ma 1920.

Titalandira ufulu mu 1964, boma linapitiriza kupatula malo. Nyika inakhala paki yoyamba mu 1965, Kasungu ndi Lengwe zinatsatira mu 1970, ndipo Liwonde mu 1973. Komabe maganizo akuti nyama ndi za boma, osati za mudzi, anali atazika mizu. Chinthu chimene munthu sachiyesa chake sachisamala. Anthu ozungulira nkhalango ankatchera mawaya usiku, ndipo ogula minyanga a maiko akutali ankasonkhezera moto. Pofika 1992 njovu zonse za ku Majete zinali zitaphedwa. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

M'chaka chomwecho cha 1992 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loteteza nyama zakuthengo, ndipo mu 2017 zilango zake zinakhwimitsidwa kufika pa zaka 30 za ukaidi kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse Majete. Zipembere zinabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, ndipo mikango mu 2012. Midzi yozungulira inayamba kupeza ntchito ndi phindu la ulimi wa njuchi. Nyama zinaswana, kotero kuti mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti chilango pachokha sichisunga nyama. Makolo athu analibe ndende kapena ziphaso, koma ankalemekeza nyengo ya uzimba popeza tchire linali lawo ndipo mfumu yoletsa inali yawo. Ngati tifuna kuti adzukulu athu adzaone ngoma ndi mphalapala ndi maso awo, tiyenera kuonetsetsa kuti mlimi wokhala m'mphepete mwa nkhalango ali ndi mawu pa malamulo a nyama, ndiponso ali ndi gawo pa phindu lake.