Ellis Park ndi Anansi Ake

Munthu akakhala m'bwalo la masewero la Ellis Park ku Johannesburg n'kukweza maso cha kumtunda, amaona chinyumba chobulungira chitaima chokhachokha pamwamba pa chitunda cha Berea. Dzina lake ndi Ponte City. Chili ndi nsanjika 54, kutalika kwake mamita 173, ndipo pakati pake pali chibowo kuchokera pansi mpaka kumwamba. Ine ndimachita lendi chipinda ku Bertrams, kummawa kwa bwaloli, choncho zinthu ziwirizi ndimaziona m'mawa uliwonse popita kokwera takisi. Abale kumudzi akamva kuti ndimakhala pafupi ndi bwalo lotchuka chonchi amayesa ndili pabwino zedi. Ndimangoseka, chifukwa mbiri ya dera lino sinayendepo limodzi ndi mbiri ya bwalo.

Golide atapezeka mu 1886, Doornfontein, kumene kuli bwaloli, ndi amene anali malo a anthu andalama. Eni migodi anamanga nyumba zazikulu kuno, koma sanakhalitse. Fumbi la migodi ndi phokoso la tawuni zinawathamangitsira ku Parktown, kuseri kwa chitunda. M'nyumba zimene anasiya munalowa Ayuda ochokera ku Lithuania ndi maiko oyandikana nalo, ndipo sunagoge wawo wa mu 1906, amene anthu amamutchula kuti Lions Shul chifukwa cha mikango iwiri yachitsulo ya pakhomo, alipobe. Kenako eni malo anaona kuti ndalama zili pa anthu akuda osowa pogona. Anamanga tizipinda ta malata kuseri kwa nyumba n'kumalipiritsa lendi chipinda chilichonse, mabanja ambirimbiri pa mpopi umodzi. M'mabwalo opanikizanawa ndi mmene amayi ankafulula mowa wogulitsa, ndipo nyimbo za marabi zinakulira momwemo. Ellen Hellmann anafufuza moyo wa m'bwalo limodzi lotere lotchedwa Rooiyard m'zaka za m'ma 1930, atatsala pang'ono kuligumula. Lamulo lothana ndi nyumba zachabechabe la mu 1934 linapatsa khonsolo mphamvu yosamutsa anthuwo, ambiri n'kuwapititsa ku Orlando.

Bwalo lija linatsegulidwa mu 1928, mkati mwa zonsezi. Dzina linachokera kwa J.D. Ellis, khansala amene anathandiza kuti malowo aperekedwe ku masewero a rugby. Azungu ankabwera Loweruka, kuonera, n'kubwerera kwawo. Anthu a m'tizipinda ta malata ankangomva mfuu.

Nyumba zosanjikizana zinachuluka pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makamaka ku Hillbrow ndi Berea, ndipo m'zaka za m'ma 1960 zinkamera paliponse. Zinali za azungu okhaokha, potsatira lamulo la Group Areas la mu 1950. Munthu wakuda ankaloledwa kugonamo ngati ali wantchito, ndipo malo ake anali padenga, m'tizipinda ta pafupi ndi mathanki a madzi. Boma linaona kuti ngakhale amenewa achuluka, mu 1955 n'kukhazikitsa lamulo loti padenga limodzi pasagone anthu akuda oposa asanu popanda chilolezo. Akuluakulu athu amene anathawa migodi ya Wenela n'kulowa ntchito yophika kapena yapakhomo ku Joni ankaidziwa bwino tawuniyi kuchokera kuseri kwa nyumba ndi padenga. Ena mwa matchona aja ndi momwemo mmene anakalambira.

Ponte anatha kumangidwa mu 1975. Chibowo chija sichinali chokongoletsa: malamulo a khonsolo ankafuna kuti khitchini ndi bafa zikhale ndi windo, ndiye amisiri ake, Mannie Feldman, Manfred Hermer ndi Rodney Grosskopff, anaboola nyumbayo pakati kuti kuwala kuzilowa mbali zonse. Pansi panali mashopu, kumwamba kunali mafulati a anthu olemera, ndipo antchito akuda anawaika pamwamba penipeni. Patangotha chaka, mu June 1976, ana asukulu ku Soweto anaukira boma, ndipo zinthu sizinabwererenso mwakale.

Apa ndi pamene ambiri amafotokoza molakwika. Amati anthu akuda atalowa, nyumba zinawonongeka. Zinayenda motere. Azungu atayamba kusamukira kumpoto, mafulati ambiri anatsala opanda anthu, pamene kumalokeshoni banja linkadikira nyumba zaka zambiri. Eni nyumba anayamba kulowetsa Amwenye, makaladi, kenako anthu akuda, mozemba lamulo, n'kumawalipiritsa lendi yokwera podziwa kuti wokhala mobisala alibe kokadandaula. Kuti lendi ikwane, anthu ankasonkherana, banja lina kuchipinda, lina pabalaza. Mu 1982 woweruza Richard Goldstone anagamula pa mlandu wa Govender kuti munthu asatulutsidwe m'nyumba pansi pa Group Areas ngati alibe kwina kopita, ndipo kuthamangitsa anthu kunachepa. Koma mabanki anasiya kubwereketsa ndalama zogulira nyumba m'madera amenewa. Lamulo la mu 1971 linali litalola kuti munthu azigula fulati imodzi m'nyumba yosanjikizana, eni ake onse n'kumasonkha ndalama ya madzi, magetsi ndi chikepe mwezi ndi mwezi. Mitengo itagwa, eni ambiri anangosowa osasonkhanso. Chikepe chikafa sichinkakonzedwa, khonsolo n'kudula madzi chifukwa cha ngongole, kenako pakhomo pankaima anyamata osadziwika n'kumatolera lendi ngati nyumba ndi yawo. Pamene Group Areas inkathetsedwa mu 1991, matendawa anali atazika kale mizu. M'chibowo cha Ponte zinyalala zinaunjikana mpaka kukwirira nsanjika zingapo, ndipo panamveka maganizo oti nyumbayo ingosandutsidwa ndende.

Nanga bwalo? Bwalo linali bwinobwino. Lakale analigumula mu 1979, latsopano la anthu pafupifupi 62,000 n'kutsegulidwa mu 1982. Pa 24 June 1995 Nelson Mandela analowamo pa masewero omaliza a chikho cha dziko lonse cha rugby atavala jezi ya Springboks ya nambala 6, South Africa n'kugonjetsa New Zealand 15–12. Dziko lonse lapansi linaonera, koma makamera sanatembenukire ku misewu ya kuseri. Pa 11 April 2001 anthu 43 anafa popondana pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, ndipo tsiku limenelo ndi limene anthu akale a dera lino amalikumbukira kuposa la Mandela.

Chikho cha dziko lonse cha mpira wamiyendo cha 2010 chitayandikira, ndalama zinakhuthulidwa. Anakonza misewu, kuika magetsi, kupenta makoma, ndipo mabasi a Rea Vaya anayamba kuyenda pakati pa Soweto ndi Ellis Park mu August 2009. Mabasiwo ndimawayamikira, ndi chinthu chimodzi chimene chinatsalira ife. Zinazo zinali ngati kusesa pakhomo apongozi akamabwera, zinyalala n'kuzikankhira kuseri kwa nkhokwe. Ku Bertrams mabanja osauka anatulutsidwa m'nyumba zoyandikana ndi bwalo. Ku Ponte, mu 2007, amalonda ena anatulutsa anthu ambiri n'cholinga chokonza mafulati apamwamba oti agulitse kwa anthu andalama. Mavuto a zachuma a mu 2008 anawapeza ntchito ili pakati, ndipo anaisiya makoma ali ogumulagumula. Eni ake akale, kampani ya Kempston, anaitenganso, kuikonza mosadzionetsera, kuika alonda ndi makina ozindikira chala pakhomo, n'kuibwereketsa kwa anthu wamba: anamwino, madalaivala, ophunzira, Akongo, Azimbabwe, ngakhale Amalawi anzathu. Mwa maganizo onse amene anayesedwapo pa nyumbayi, awa osatchukawa ndi amene agwira ntchito.

Cha kummwera, Jonathan Liebmann anagula nyumba zakale zosungiramo katundu n'kuyambitsa Maboneng mu 2009, malo a zojambulajambula, khofi wodula ndi mafulati a achinyamata opeza bwino. Kampani yake ya Propertuity inagwa mu 2018, nyumba zake n'kugulitsidwa. Zimene zikudzaza nyumba za Doornfontein masiku ano ndi ophunzira a University of Johannesburg, imene ili ndi nthambi yake pomwepa. Mafakitale akale akusandutsidwa zipinda za ana asukulu, chifukwa lendi ya ambiri mwa iwo imalipiridwa ndi thumba la boma la NSFAS.

Ife otsalafe timapeza malo mwa njira yakale. Ku Yeoville kuli khoma limene anthu amamatapo timapepala: chipinda, theka la chipinda, khonde, pena bedi lokha. Ndinakhalapo pabalaza logawidwa ndi katani, mbali iyi ine, mbali inayo mnyamata wa ku Mangochi wogwira ntchito yaulonda usiku. Tinkasinthana mbaula ya magetsi, ndipo mafoni tinkatchaja pa soketi imodzi. Tsiku la masewero apolisi amatseka misewu, anyamata a m'dera amavala zovala zonyezimira n'kumalondera magalimoto a alendo, amayi amawotcha nyama ndi chimanga m'mbali mwa msewu. Pofika usiku magalimoto onse amakhala atalowera kumpoto.

Amene sangakwanitse ngakhale theka la balaza amakathera m'nyumba zolandidwa zija. Pa 31 August 2023 imodzi mwa izo, ya Usindiso pa 80 Albert Street ku Marshalltown, inapsa usiku ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, ndipo m'nthawi ya tsankho ndi mmene anthu akuda ankakaima pamzere kuti adinditse mapasi.