Tsiku limene sakisofoni inalira m'tchalitchi

Anzanga a m'kalabu, ambiri tikamva sakisofoni timangoganiza za kumowa ndi kudansi. Lipenga lopindikali analipanga Adolphe Sax wa ku Belgium, ndipo mu 1846 boma la France linalemba kuti luso limeneli ndi lake. Koma linalowapo m'nyumba ya Mulungu, kuimba pamodzi ndi kwaya.

Analilowetsa ndi Duke Ellington, munthu wakuda wa ku America, katswiri wa jazz. Pa 16 Seputembala 1965 anabwera ndi bandi yake yonse mu Grace Cathedral ku San Francisco kudzaimba nyimbo zopembedza. Panali kwaya, panali Johnny Hodges ndi Harry Carney pa masakisofoni, komanso Paul Gonsalves, mwana wa anthu ochokera ku Cabo Verde. Wina dzina lake Bunny Briggs anachita kuvina momenyetsa nsapato pansi, kukumbutsa kuvina kwa mfumu Davide. Eti m'tchalitchi! Si onse anakondwera ayi. Mu 1966 abusa ena a Baptist ku Washington anakana kuvomereza, amvekere izi n'za kumalo achisangalalo. Mkuluyo sanabwerere m'mbuyo. Anakonza zina mu 1968 ku New York, zachitatu mu 1973 ku Westminster Abbey ku London, akudwala kale. Anamwalira mu 1974.

Chimene chandigwira mtima ine ndi mapepala ake. Ellington sankalembera chida, ankalembera munthu. Pamwamba pa pepala ankaika dzina la woimbayo, chifukwa ankadziwa mpweya wake ndi kaliridwe kake. Nyimbo ankazisinthanso malinga ndi malo ndi anthu amene alipo. Tsono Hodges anamwalira mu 1970, Carney mu 1974, miyezi yochepa atapita bwana wake. Mapepala aja anakasungidwa ku Smithsonian ku Washington mu 1988, koma wofuna kusindikiza buku lolondola ayenera kumawayerekeza ndi malekodi, n'kusankha kuti kaimbidwe kenikeni n'kati. Ntchito imeneyi ndimaiona ngati kusankha mbewu m'nkhokwe ya munthu amene anapita osakuuza kuti iyi ankadzala pati.

Makwaya ambiri a ku Ulaya amaimba zimene John Høybye ndi Peder Pedersen a ku Denmark anakonza mu 1993, potolatola nyimbo za m'makonsati aja. N'zokoma ndithu, koma ndi dzanja la anthu awiriwo. Amene amatisankhira nyimbo pa wailesi yathu, mukazipeza mutiikireko lekodi ya 1965 ija, timve Carney mwini wake.