Nthano ya Sileni Imodzi pa Mwezi: Charles Dickens ndi Owerenga Ace

M'caka ca 1836 buku latsopano la nthano linali cinthu ca anthu acuma m'dziko la Mangalande. Osindikiza anali kugawa nthano imodzi m'mabuku atatu, ndipo mtengo wa onse pamodzi unali masileni 31 ndi makobiri 6. Munthu wolima m'munda wa mwini wace anali kulandira ngati masileni 10 pa mlungu. Cotero kuti agule nthano imodzi anayenera kugwira nchito milungu itatu, osadya, osalipira nyumba.

M'caka comweco osindikiza awiri a ku London, Chapman ndi Hall, anapangana ndi mnyamata wa zaka 24, wolemba nkhani m'nyuzipepala, dzina lace Charles Dickens, kuti azilemba nthano yotuluka pang'ono pang'ono, gawo limodzi mwezi uli wonse. Nthanoyo inachedwa The Pickwick Papers. Gawo lina liri lonse linali kabuku kacikuto cobiriwira, kamasamba ngati 32 ndi zithunzi, ndipo mtengo wace unali sileni imodzi. Poyamba malonda sanayende konse, magawo oyamba anagulidwa mazana owerengeka cabe. Koma m'gawo lacinai munalowa Sam Weller, mnyamata wopukuta nsapato pa nyumba ya alendo, wa pakamwa pakuthwa, wolankhula cilankhulidwe ca anthu wamba a m'makwalala a London. Anthu anamva mau ao omwe ali m'buku, ndipo anathamangira kukagula. Pofika November 1837, pamene nthanoyo inatha, gawo limodzi linali kugulidwa pafupi-fupi 40,000.

Owerenga anali ocuruka koposa ogula, ndipo omvera anaposanso owerenga. M'caka ca 1840, mwa amuna atatu ali onse omanga ukwati ku Mangalande mmodzi sanali kudziwa kulemba dzina lace m'buku la maukwati, anangoika cizindikiro. Mwa akazi, pafupi-fupi theka. Anthu otere nthano za Dickens anazilandira ndi makutu. Mmodzi wodziwa kuwerenga anali kukhala pafupi ndi nyali, ena onse namzungulira, monga momwe anthu azungulirira wailesi imodzi madzulo. Kabukuko kanali kuyenda m'manja ambiri kufikira cikuto citatha.

John Forster, bwenzi la Dickens amene analemba mbiri ya moyo wace, asimba za mai wina wokolopa m'nyumba za anthu, wosadziwa kuwerenga, amene anali kukhala m'nyumba ya munthu wogulitsa fodya wa m'mphuno pamodzi ndi anzace ena olipira zipinda. Lolemba loyamba la mwezi uli wonse mwini nyumbayo anali kuwawerengera gawo latsopano la Dombey and Son. Tiyi anali kumwa okhawo amene anasonkha ndalama, koma kumvera nthano kunali kwa onse. Maiyo anali kuyesa kuti nthano yaikulu cotero anailemba anthu atatu kapena anai.

Tsono kuwerenga kwa mtundu umenewu kunali ndi cinthu cimene wogula buku lathunthu sacidziwa, ndico kudikira. Nthano ya magawo 20 inali kutenga miyezi 19, pakuti awiri otsiriza anali kutuluka pamodzi. Munthu sakanatha kutsegula tsamba lakumapeto kuti aone m'mene zithere, cifukwa tsambalo linali lisanalembedwe. Dickens mwini anali patsogolo pa owerenga ace ndi milungu yocepa yokha. Pa 7 May 1837 mlamu wace, Mary Hogarth, mtsikana wa zaka 17, anamwalira mwadzidzidzi m'nyumba mwace. Dickens analephera kulemba, gawo la mwezi wotsatira silinatuluke, ndipo mphekesera zinabuka zambiri, kotero kuti m'gawo linalo anaikamo mau ofotokoza cifukwa cace.

Popeza nthano inali ikali m'njira, owerenga anali ndi dzanja pa iyo. M'caka ca 1843 Martin Chuzzlewit inali kugulidwa ngati 20,000 pa mwezi, ciwerengero cocepa kwa munthu wozolowera zikwi zambiri, ndipo Dickens anangonyamula mnyamata wa m'nthanoyo namtumiza ku America kuti adzutse cidwi. M'caka ca 1849, polemba David Copperfield, anaikamo Miss Mowcher, mkazi wamfupi kwambiri, wooneka ngati adzakhala wothandiza anthu oipa. Mai wina wa ku London, wa msinkhu womwewo, anadzizindikira kuti ndiye akunenedwa, ndipo analemba kalata yodandaula. Dickens anasintha njira, ndipo pamene Miss Mowcher anaonekanso anali munthu woongoka mtima.

Koma pa nkhani ya Nell sanagonje ai. The Old Curiosity Shop inali kutuluka mlungu ndi mlungu pa mtengo wa tiki, kuyambira 1840 kufikira 1841, ndipo ogula anafika 100,000. Nell ndiye kamtsikana koyenda-yenda m'misewu ndi agogo ace amene juga inawatha nzeru. Owerenga ataona kuti mwanayo alikufooka, analembera Dickens makalata kumpempha kuti asamuphe. Iye anamupha ndithu, ndipo amuna akulu-akulu, ena a iwo ophunzira ndi omveka, analira osacita manyazi. Mibadwo ya pambuyo inaseka misozi imeneyi, niti nthanoyo inaonjeza cisoni dala. Kuonjeza kulipo, nzoona. Komatu osekawo anaiwala kuti m'mizinda ya mafakitale ya masiku amenewo ana ambirimbiri sanali kufika zaka zisanu, ndipo mwa omvera aja ozungulira nyali, ocepa okha anali asanaikepo mwana m'manda. Anthu amenewo anakhala ndi Nell miyezi yambiri, akumuyembekeza Loweruka liri lonse.

Pambuyo pace Dickens anayamba kuwerengera anthu ndi pakamwa pace. M'December 1853 anawerenga A Christmas Carol mu holo ya mzinda wa Birmingham, ndipo anapempha kuti usiku umodzi ukhale wa anthu a nchito, olowa ndi makobiri 6 okha. Anasonkhana ngati 2,000. Kuyambira 1858 anasandutsa kuwerengaku kukhala nchito ya malipiro, nayenda pa sitima m'mizinda ya Mangalande, Scotland ndi Ireland, kenaka ku America. Anali kuimirira yekha pa kathebulo, kusintha mau ndi nkhope pa munthu ali yense wa m'nthano. Coopsa koposa cinali kuphedwa kwa Nancy, kocokera mu Oliver Twist, kumene anayamba kuwerenga poyera m'January 1869. Omvera ena anali kukomoka, ndipo iye mwini anali kutuluka ali wolefuka. M'April caka comweco, ali ku Preston, dotolo wace anamletsa kupitiriza ulendowo. Anamlola kutsazika anthu a ku London ndi kuwerenga kowerengeka, ndipo kotsiriza kunali pa 15 March 1870.

Mwezi wotsatira kunatuluka gawo loyamba la nthano yatsopano, The Mystery of Edwin Drood, yonena za mnyamata amene asowa usiku wa mphepo yamkuntho, popanda wodziwa ngati waphedwa kapena ali moyo. Inayenera kukhala ya magawo 12. Anthu anali atagula atatu pamene Dickens anamwalira, pa 9 June 1870, ali ndi zaka 58. Atatu ena amene anasiya atalemba anatuluka m'July, August ndi September. Gawo la October silinatuluke.