Chiyambi cha Mawu Akuti "Aficionado"

M'manyuzipepala ndi m'mabuku a Chingerezi mumapezeka mawu ovuta kutchula akuti "aficionado". Amanena za munthu amene wakondetsa chinthu, monga mpira, nyimbo kapena khofi, nachiphunzira mpaka kudziwa zinsinsi zake. Koma mawuwa si a Chingerezi ayi. Angerezi anachita kubwereka ku dziko la Spain.

M'Chisipanishi muli mawu akuti "afición", otanthauza chikondi chimene chimakokera mtima wa munthu ku chinthu china. Gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti "affectio", amenenso anabala mawu a Chingerezi akuti "affection". Tsono "aficionado" ndi munthu amene wagwidwa ndi chikondi chotere, ndipo akakhala wamkazi amatchedwa "aficionada".

Kumene mawuwa anatchukira ndi ku bwalo la masewera olimbana ndi nkhunzi za ng'ombe. M'zaka za m'ma 1700 masewerawa anachoka m'manja mwa olemekezeka okwera pa akavalo, nakhala ntchito yolipidwa ya anthu wamba olimbana ndi nkhunziyo ali pansi. Katswiri wake, wotchedwa matador, amainyenga nkhunzi ndi nsalu yofiira, kenaka n'kuibaya ndi lupanga. Khamu lonse linkafuula, koma "aficionado" anali wosiyana ndi anzake. Iye ankadziwa khola limene nkhunzi yachokera, ankapenyetsetsa kaimidwe ka mapazi a matador, ndiponso ankatha kusiyanitsa kulimba mtima kwenikweni ndi kudzionetsera chabe.

Alendo a ku England amene anayendera Spain m'zaka za m'ma 1800 analemba mawuwa m'mabuku awo. Koma amene anawafalitsa kwambiri ndi mlembi wa ku America, Ernest Hemingway. M'buku lake la 1926, The Sun Also Rises, anasimba za chikondwerero cha San Fermín cha mumzinda wa Pamplona, chimene chimachitika kuyambira pa 6 mpaka pa 14 July. M'nkhaniyo mwini hotela, dzina lake Montoya, amalemekeza mlendo pokhapokha akaona kuti ali ndi "afición" yeniyeni. Mu 1932 Hemingway anatulutsanso Death in the Afternoon, buku lofotokoza masewerawa mwatsatanetsatane.

Apwitikizi nawonso ali nawo mawu omwewa, ndipo masewerawa anawafikitsa ku Mozambique. Mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, munali bwalo la nkhunzi. Ricardo Chibanga, wobadwira mumzindamo mu 1942, anavomerezedwa kukhala matador ku Seville mu 1971.

Masiku ano masewerawa ali pa mkangano waukulu, popeza anthu ambiri amati n'kuzunza nyama. Nyumba ya malamulo ya chigawo cha Catalonia inawaletsa mu 2010, ndipo ngakhale khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la Spain linafafaniza chiletsocho mu 2016, nkhunzi yomaliza kuphedwa m'bwalo la ku Barcelona inali ya mu 2011.

Komabe mawuwo sanafere m'bwalomo. Ku Spain ochemerera timu ya mpira onse pamodzi amatchedwa "la afición". Kumenekonso "aficionado" amatanthauza munthu wochita chinthu chifukwa chochikonda, osati chifukwa cha malipiro. N'chifukwa chake munthu amene amadziikira yekha makina a wailesi kunyumba kwake, namalankhulana ndi anzake akutali, amatchedwa "radioaficionado".

Choncho, okondedwa omvera, mawuwa asunga zinthu ziwiri zimene anali nazo pa bwalo lija: chikondi ndi chidziwitso. Sapota wamba amavina timu yake ikagoletsa, nanyanyala ikagonja. "Aficionado" amakhalabe pampando mpaka wenzulo yomaliza, ndipo mawa lake amatha kufotokoza pamene zinthu zinalakwikira.