Nthabwala za Gule Wamkulu ku Maravia

Achewa a m'boma la Maravia, ku Tete, akhala akusunga mbiri yawo m'nthabwala za Gule Wamkulu. Kuyambira kale, zilombo monga njovu ndi kasiyamaliro zinkaphunzitsa mudzi za nyama, makolo ndi imfa. Atsamunda ndi amishoni atafika, pabwalo padatulukira Simoni ndi Maliya, onyogodola khalidwe la alendowo, kenaka zilombo zooneka ngati galimoto. Ena amati zatsopanozi zikusukulutsa mwambo, koma mbiri ikuwatsutsa: gule wakhala akutengera chachilendo chilichonse pabwalo kuti anthu achiseke, achimvetse, aleke kuchiopa. M'chaka cha 2005, bungwe la UNESCO lidalemekeza guleyu, wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia. Nthabwala zakezi ndi maphunziro enieni, choncho tizisamale.