Njinga Zimene Takwera Kuyambira Masiku a ku Halale

Lero tiyambe tasiya za mizere ndi manyowa, tikambe za njinga. Ambiri a inu mukagulitsa manachesi mumafuna kugulira njinga mwana amene ali pa ntchito ku Blantyre, kuti asamathere malipiro ake pa basi. Tsono ndalama za chaka chathunthu siziyenera kutayika pa chitsulo chosapindula.

Njinga ya tcheni ndi magudumu awiri olingana inayamba ku Mangalande m'chaka cha 1885, ndipo matayala opopa anawakonza John Dunlop mu 1888. Kuno kwathu njinga zambiri zinafika ndi anthu obwerera kuchokera ku ntchito ku Halale ndi ku Joni. Popeza mseu wa ku Halale unkadzera ku Tete, pa Zobue ndi pa Mwanza pano, makolo athu anaziona msanga. Mnyamata wofika pamudzi ndi Raleigh kapena Humber ankayesedwa munthu, ngakhale m'thumba mutakhala mopanda kanthu. Njira ya ku migodi inatsekedwa mu 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu.

Njinga zimenezo zinali zakuda ndi zolemera: magudumu a mainchesi 28, mabuleki a timitengo tachitsulo, giya imodzi yokha. Pa mtunda munthu ankatsika ndi kukankha. Koma zinali zosafa msanga, ndipo mpangidwe wake sunathe. A ku India ndi a ku China anautsatira, natitumizira Hero, Avon ndi Phoenix pa mtengo wotsika. Chitsulo chake sichifika pa cha Humber, ichi tisabise, koma sipoko, chubu ndi tcheni zake zimapezeka pa msika uliwonse, ndipo wokonza wa pansi pa mtengo amazidziwa ngati khasu lake. Ndi chifukwa chake anyamata a kabaza amakonda mtundu umenewu.

Pambuyo pake kunabwera njinga za magiya ambiri ndi matayala onenepa. Izi zinayambira ku California m'zaka za m'ma 1970 monga zamasewera a m'mapiri, ndipo zambiri zimatifika zitagwira kale ntchito kunja. Kwa kalaliki wokhala ku Chilomoni kapena ku Ndirande, amene katundu wake ndi mkate ndi malaya a mvula basi, njinga yotere ndi yabwino, pakuti Blantyre ndi mudzi wa zitunda. Muisenzetse thumba la chimanga, muone masipoko akuthyoka. Kachitsulo kosinthira magiya kakapindika, mwina mudzayenda masitolo asanu osakapeza.

Ilinso ina, Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Yabwerera ku nzeru yakale ya chitsulo cholimba, ndipo kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100. Mtengo wake ndiwo wokwera.

Ine ndikuti, ngati mwanayo akwera yekha mtunda tsiku ndi tsiku, m'gulireni ya magiya. Ngati njingayo idzabwereranso kumudzi kudzatuta madengu kuchokera ku Thambani kapena ku Kunenekude, gulani yakuda ija. Musanapereke ndalama, pitani kwa wokonza njinga pa Boma mumufunse zitsulo zimene ali nazo m'bokosi mwake.