Msonkho wochepetsa kuthithikana kwa magalimoto

Msonkho wochepetsa kuthithikana kwa magalimoto ndi ndalama zimene woyendetsa galimoto amalipira akafuna kudutsa msewu wodzaza kapena kulowa pakati pa mzinda pa nthawi yotanganidwa. Cholinga chake n'chakuti ena asiye galimoto kunyumba, akwere basi, kapena anyamuke nthawi ina.

Kumene unayambira

Dziko la Singapore ndilo linayamba mu 1975. Mzinda wa London unatsatira mu February 2003, ndipo galimoto inkalipira mapaundi 5 patsiku. Ku Stockholm anauyesa kaye mu 2006 n'kuukhazikitsa mu 2007. Magalimoto olowa mumzinda anachepa ndi pafupifupi 20 pa 100 aliwonse, utsi nawonso unachepa. Dandaulo lalikulu n'lakuti olemera salimva kupweteka, pamene wopeza pang'ono ndiye amachoka pamsewu. Ku Gauteng, ku South Africa, anthu ambiri anakana kulipira ma e-toll amene anayamba mu 2013, mpaka boma linawathetsa mu April 2024.

Ku Malawi

Malawi alibe msonkho wamtunduwu. Zofananako ndi ma toll gate a pamsewu wa M1: wa ku Chingeni unayamba kulipiritsa mu November 2021, wa ku Kalinyeke, ku Dedza, mu 2022. Amawayang'anira ndi a Roads Fund Administration, ndipo ndalama zake n'zokonzera misewu, osati kuchepetsa magalimoto. Anthu atadandaula, boma linatsitsa mitengo yoyambayo. Eni ma minibasi nthawi zambiri amangoonjezera ndalamayo pa mtengo wokwerera, choncho amalipira ndi wokwera.

Boma la Mwanza

Mwanza ndi chipata chachikulu cha mathiraki ochokera ku Beira, ku Zimbabwe ndi ku South Africa kudzera ku Tete ndi Zóbuè. Thiraki yochoka ku Mwanza imayenda pa M6 n'kukalowa M1 ku Zalewa. Ikakhala ya ku Lilongwe imalipira ku Chingeni komanso ku Kalinyeke. Magalimoto akunja amalipiranso ndalama za msewu pachipatapo.

Komabe mizere ya mathiraki ku Mwanza imadza chifukwa chodikira mapepala a katundu, ndipo msonkho sungaifupikitse. Mathirakiwo amakumba msewu ndi kufukiza utsi wa dizilo, koma ndi omwewo amabweretsa makasitomala kwa ogulitsa manachesi, zakudya ndi malo ogona. Pofuna kuchepetsa kudikirako, boma linamanga maofesi atsopano pachipatachi kuti katundu aziyesedwa pamalo amodzi.